DSLR Kapena Mirrorless? Kusankha Kamera Ina Thumba Likakhala Lopepuka

Munthu akandifunsa kuti agule kamera ya DSLR (yokhala ndi kagalasi mkati) kapena ya mirrorless (yopanda kagalasiko), sindithamangira kutchula dzina la kamera. Ndimamupempha kaye andionetse zithunzi khumi zimene zinamukhumudwitsa, zija anazibisa mu kompyuta osaonetsa aliyense. Zithunzi zabwino sizinena zambiri. Zoipazo ndi zimene zimaulula pamene kamera ikuperewera, ndipo nthawi zambiri zimaululanso kuti vuto silili pa kamera n'komwe.

Ine ndinaphunzira izi nditawononga kale ndalama. Kamera yanga yoyamba inali DSLR yaing'ono, yokhala ndi lenzi ya 18-55mm imene imabwera m'bokosi limodzi ndi kamera. Panja dzuwa likuswa mtengo inkatulutsa zithunzi zokongola. Koma m'nyumba madzulo, mwana akangotembenuza mutu, nkhope inkatuluka mbuu, mithunzi itadzaza timadontho ngati mchenga. Ndinaganiza kuti kamera yakalamba. Ndinasunga ndalama miyezi yambiri, n'kugula bodi (thupi la kamera lopanda lenzi) yapamwambako, n'kumangapo lenzi yomwe ija. Zithunzi za madzulo zinasintha pang'ono kwambiri, moti ndinachita kuziika moyandikana kuti ndione kusiyana. Chimene chinadzasintha zinthu inali kalenzi ka 35mm f/1.8, kotchipa kuposa bodi ija kangapo. Lenzi ya m'bokosi ikafika pa 35mm imatsegula cha m'ma f/4.5 basi (nambala ya f ikachepa, lenzi imatseguka kwambiri). Kuchoka pamenepo kufika pa f/1.8, kuwala kolowa mu kamera kumachuluka kupitirira ka 6. Palibe bodi ya mtengo wofikirika imene ingakupatseni zimenezo.

Tsono yang'anani zithunzi zanu zoipazo. Ngati zili zamdima ndi zatimadontho, kapena chimene mumafuna chikuoneka kakang'onong'ono patali, mlandu ndi wa lenzi. Ngati kuwala kuli bwino koma fokasi yagwera pa khutu kapena pa khoma m'malo mwa diso, kapena vidiyo imangosakasaka fokasi, apo ndiye bodi ikhoza kuyankha mlandu. Ngati kamera imatsala kunyumba chifukwa cholemera, imeneyo ndi nkhani inanso. Anthu atatuwa sangagule kamera imodzi.

Nkhani yonse ili pa kagalasi kamodzi

Chotsani lenzi pa DSLR n'kusuzumira mkati. Muona kagalasi kopendekeka. Kuwala kolowa pa lenzi kumagunda kagalasiko n'kukwera pamwamba, kumene kumakhotetsedwanso kuti kufike m'diso lanu. Mukadina batani, kagalasi kamatukuka, shutter (kachitseko kotchinga kuwala) imatseguka, kuwala kumagwera pa sensa (kachipangizo kolandira chithunzi), kenako chilichonse chimabwerera pamalo pake. Mirrorless ilibe kagalasi kameneka. Kuwala kumangofikira pa sensa, ndipo chimene mumaona mukaika diso pa viewfinder (kazenera kosuzumirapo) ndi kasikirini kosonyeza zimene sensayo ikuona.

Zonse zimene anthu amakangana, kaya kulemera, batire kapena fokasi, gwero lake ndi pamenepa. Koma kukongola kwa chithunzi sikuchokera pamenepa ayi. Pa nthawi imene chithunzi chikujambulidwa, kagalasi ka DSLR kamakhala katachoka kale panjira. Nikon D3500 (DSLR) ndi Sony a6000 (mirrorless) zonse zili ndi sensa ya saizi yocheperako yotchedwa APS-C, ya 24 megapixel. Mutazipatsa lenzi yofanana ndi kuwala kofanana, simungaloze msanga kuti ichi chachokera uku.

Mirrorless ya masiku ano inayamba ndi Panasonic Lumix G1 mu 2008. Sony inabweretsa A7 ya full frame (ya sensa yaikulu) mu 2013, ndipo Canon ndi Nikon, mafumu a DSLR, analowa mwamphamvu mu 2018 ndi EOS R komanso Z6 ndi Z7. DSLR zawo zomaliza, monga Nikon D780 ndi D6, Canon 850D ndi 1D X Mark III, zinatuluka mu 2020. Pentax ndiyo yakakamirabe pa kagalasi. Ena akamva izi amachita mantha, ati DSLR yafa. Ine ndimaonapo mwayi. Akatswiri ambiri posamukira ku mirrorless anagulitsa mabodi ndi malenzi awo, ndipo katundu amene kale munthu wamba ankangomumezera malovu tsopano akupezeka pa mtengo woti n'kuufikira. Kamera sisiya kujambula chifukwa kampani yasiya kupanga inzake. Chofunika kuchidziwa n'chakuti zipangizo zokonzera zizisowa pang'onopang'ono zaka zikamapita.

Pa viewfinder ikani diso lanu nokha musanagule, chifukwa apa anthu amasiyana. Ya DSLR imakuonetsani dziko mmene lilili, mosachedwa, ndipo sidya batire. Koma sikuuzani mmene chithunzi chitulukire. Mutha kuona bwinobwino, n'kudina, chithunzi n'kutuluka chakuda bii chifukwa munaiwala kusintha ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala). Ya mirrorless imakuonetsani chithunzi chisanajambulidwe: mukapotoza shutter speed, pomwepo mukuona kukuda kapena kukuwala. Kwa amene akuphunzira kujambula pa manual (kusintha zonse yekha), ameneyu ndi mphunzitsi wabwino zedi. Samalani ndi zinthu ziwiri. DSLR zotchipa zili ndi viewfinder yaing'ono yoonetsa 95 peresenti yokha ya chithunzi, moti mumadzapeza nthambi kapena chigongono cha munthu m'mphepete chimene simunachione. Zapakati monga Nikon D7200 ndi Canon 80D zimaonetsa chithunzi chonse. Ndipo mirrorless zina zilibiretu viewfinder, monga Nikon Z30, Sony ZV-E10 ndi Canon M200. Wa vidiyo sangadandaule. Koma wojambula masana dzuwa lili pamutu amachita kuphimba sikirini ndi dzanja, osaonabe kanthu.

Fokasi

Ngati pali chinthu chimodzi chimene chimandichititsa kuuza munthu kuti apirire, awonjezere ndalama agule mirrorless, ndi fokasi.

DSLR siyeza fokasi pa sensa. Ili ndi kachipangizo kapadera pansi pa kagalasi, kamene kamalandira gawo la kuwala n'kuuza lenzi poima. Timabokosi tosonyeza pamene kamera ingagwire fokasi timaunjikana chapakati pa chithunzi: 9 pa Canon 250D, 11 pa D3500, 45 pa 80D, 51 pa D7200 ndi Nikon D750. Munthu akaima cha m'mphepete, mumayamba mwamuika pakati, n'kugwira fokasi, kenako n'kusuntha kamera. Pa f/8 palibe angadziwe. Koma pa f/1.8, mutayandikira nkhope, malo ooneka bwino sapitirira mulifupi wa zala ziwiri. Kungosuntha pang'ono, tsitsi la pachipumi limatuluka bwino, diso lenileni lili mbuu. Komanso poti choyeza fokasi chili kwina, sensa ili kwina, ziwirizi zimatha kusemphana, lenzi n'kumaima patsogolo kapena kumbuyo kwa pamene mwaloza, chithunzi ndi chithunzi. Mabodi apakati ali ndi pokonzera vutoli mu menu. Aang'ono monga D3500, D5600 ndi 250D alibe.

Mirrorless imayeza fokasi pa sensa pomwepo, choncho kusemphana koteroko kulibe, ndipo timabokosi timafika pafupifupi m'mphepete monse. Zatsopanoko zimazindikira diso n'kumalitsatira. Tsiku loyamba kugwira kamera yotere ndinaloza mwana amene ankathamangira kwa ine akukhotakhota. Kabokosi kobiriwira kanamata pa diso lake. Atatembenuka kanasamukira pa mutu, atayang'ananso kanabwerera pa diso. Ntchito yanga inangotsala yosankha nthawi yodina. Zaka zonse zija zithunzi zotere ndinkataya zambiri, ndikudziimba mlandu kuti dzanja langa ndi lochedwa. Sindiname, ndinakhala chete kwa kanthawi ndikuyang'ana sikirini.

Komatu musatengeke ndi dzina. Si mirrorless iliyonse imene imachita zimenezi. Zakale zambiri zimapeza fokasi poyesayesa: lenzi imapita kutsogolo, kubwerera, kupitanso, isanaime, ndipo m'chipinda chamdima imasakasaka mpaka mwana wadutsa. Fujifilm X-Pro1 ndi Canon EOS M za 2012 zinkadziwika ndi kuchedwa kumeneku. Olympus E-M10 ndi Panasonic G85 zimagwira msanga chinthu choima, koma chothamanga zimavutika nacho. Sony a6000 ya 2014 ili ndi timabokosi 179 ndipo imathamanga, komabe diso imalipeza munthu ataima, osati akuyenda. Kutsatira diso kodalirika pa makamera a mtengo wapakati kunafika ndi Sony A7 III mu 2018, a6400 ndi a6100 mu 2019, kenako Canon R10 ndi R50 mu 2022 ndi 2023. Amene wagula mirrorless ya 2013 poganiza kuti wathana ndi vuto la fokasi, wangosintha vuto.

Ndiponso DSLR yabwino si yoipeputsa. Nikon D500 ya 2016 ili ndi timabokosi 153 ndipo imajambula zithunzi 10 pa sekondi. Canon 7D Mark II ya 2014 nayonso 10 pa sekondi. Mpira ndi mbalame zouluka zajambulidwa ndi makamera amenewa zaka zambiri. Amangofuna kuti wojambula aphunzire kusunga kabokosi pa chimene akutsatira.

Batire ndi kulemera

Pa batire DSLR yapambana, palibe zokangana. Malinga ndi muyezo wa CIPA umene makampani amagwiritsa ntchito, D3500 imajambula zithunzi 1,550 batire lisanathe, D750 1,230, 80D 960. Sony a6000 imathera pa 360, a6400 pa 410. A7 III, ya batire lalikulu, imafika 710. Pa ntchito yeniyeni manambala amaposa apa, koma kusiyanako kumakhalapobe, chifukwa mu mirrorless sensa ndi sikirini zimakhala zoyaka nthawi zonse. Powerengera ndalama, batire lachiwiri liikeni mu mtengo wa kamera. Chotonthoza n'chakuti mirrorless zambiri zimatchajika ndi USB, ndiye power bank imathandiza paulendo.

Za kulemera anthu amakokomeza. D3500 ndi magalamu 415, a6000 ndi 344. D750 imapitirira 800, Nikon Z5 ndi 675. Kusiyana kulipo, koma lenzi yaikulu ya f/2.8 imalemera chimodzimodzi kulikonse, ndipo pa kabodi kakang'ono imapweteka dzanja chifukwa chogwirira n'chochepa. Kupepuka kwenikweni kumabwera mukasankha sensa yaing'ono ndi kalenzi kakang'ono.

Mukulowa m'banja la malenzi

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye ndikhalapo pang'ono. Bodi mudzaisintha zaka zikapita. Malenzi amatsala nanu, ndipo amamangika pa khomo la mtundu umodzi wokha, limene ojambula amati mount.

Mount ya Nikon F inayamba mu 1959, ya Canon EF mu 1987. Zaka zonsezo malenzi akhala akupangidwa, n'chifukwa chake ogwiritsidwapo kale ali mbwee ndipo ndi otchipa. Ku Canon kuli EF 50mm f/1.8 STM, EF 85mm f/1.8, EF-S 55-250mm STM ya zakutali ndi EF-S 10-18mm ya malo otambalala. Ku Nikon kuli 35mm f/1.8G DX, 50mm f/1.8G ndi ma 70-300mm osiyanasiyana. Sigma ndi Tamron anapanga 17-50mm f/2.8 ya mabanja onse awiri, lenzi imene imachita zonse za 18-55mm koma yosaopa madzulo. Ndi ndalama za lenzi imodzi yatsopano ya mirrorless, kawirikawiri mutha kutola awiri kapena atatu mwa awa.

Nanga mukadzafuna kusamuka, malenzi amenewa mudzataya? Ayi. Pa DSLR lenzi imakhala patali ndi sensa kuti kagalasi kapeze malo: mamilimita 44 pa Canon EF, 46.5 pa Nikon F. Pa mirrorless mpatawo ndi waufupi: 20 pa Canon RF, 18 pa Sony E, 16 pa Nikon Z. Adapta ndi kachitsulo kodzaza mpata wotsalawo, kokhala ndi mawaya olumikiza lenzi ndi bodi, ndipo mulibe galasi loti liwononge chithunzi. Ndiye lenzi ya DSLR imalowa pa mirrorless, koma ya mirrorless singabwerere pa DSLR. Adapta ya Canon imalandira malenzi a EF ndi EF-S fokasi ikugwira ntchito bwinobwino, ndipo ambiri amagwira bwino kuposa mmene ankachitira pa DSLR chifukwa kusemphana kuja kwatha. Ya Nikon, yotchedwa FTZ, imayendetsa fokasi pa malenzi a AF-S ndi AF-P, koma akale a AF-D mumachita kupotoza ndi dzanja. Ma adapta olumikiza makampani osiyana, monga lenzi ya Canon pa bodi ya Sony, alipo, koma sindingaikepo ntchito yolipidwa ndisanayese ndekha lenzi imodziimodzi.

A Nikon muli ndi mbuna zinanso ziwiri. Mabodi a m'gulu la D3000 ndi D5000 alibe mota ya fokasi mkati, choncho lenzi ya AF-D, ngakhale yotchipa mokopa, siyenda yokha pa iwo. Ndipo malenzi a AF-P sagwira pa mabodi akale monga D90 ndi D3100. Funsani zimenezi ndalama zisanachoke m'manja.

Chodabwitsa n'chakuti mabanja amene afadi ali ku mirrorless komweko. Nikon 1 inayamba mu 2011, n'kutha mu 2018. Samsung NX inatha. Canon EOS M nayo inasiyidwa, ndipo malenzi ake a EF-M salowa pa mount ya RF ngakhale ndi adapta. Canon M50 ndi kamera yabwino, ndipo mudzaipeza yotchipa, koma lenzi iliyonse ya EF-M imene mungagule idzathera pomwepo. Ngati mwaigula kale, ndalama zanu ikani pa malenzi a EF ndi adapta. Lenzi ya EF ya zaka 20 ili ndi tsogolo kuposa ya EF-M ya dzulodzuloli.

Mwa mabanja amoyo, Sony E ndiyo ili ndi malenzi ambiri otchipa a makampani ena monga Sigma, Tamron ndi Viltrox. Sigma 30mm f/1.4, 56mm f/1.4 ndi 18-50mm f/2.8 zokha zimakwanira munthu zaka zambiri. Fujifilm X nayo ili nawo. Ku Canon RF, Sigma ndi Tamron anayamba kulowa mu 2024, ndi malenzi a APS-C.

Njira zimene zilipo

Yoyamba ndi imene anthu safuna kuimva: musagule bodi. Ngati muli ndi DSLR ya 18 kapena 24 megapixel ndipo madandaulo anu ndi mdima kapena kutalika, gulani lenzi ya f/1.8 kapena f/2.8, ndi flash yoti mungailozetse kudenga. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Jambulani nayo miyezi ingapo. Mukadzaonabe kuti bodi ikukubwezani m'mbuyo, lenziyo mudzapita nayo.

Yachiwiri, imene ndimaikonda kwa wojambula nkhope, malo ndi katundu, ndi DSLR yapakati yogwiritsidwapo kale. D7200 ya 2015 ili ndi malo a makhadi awiri osungira zithunzi, mota ya malenzi akale, mawilo awiri osinthira kuwala osachotsa diso pa viewfinder, ndi thupi lotetezedwa ku fumbi ndi timadontho ta mvula. Canon 80D ya 2016 ili ndi sikirini yotembenuka, yomva chala, komanso fokasi ya Dual Pixel imene imayenda bwino pa vidiyo ya 1080p. Makhadi awiriwo musawaone mopepuka ngati mumajambula zochitika zosabwerezeka: khadi limodzi likafa, linalo lili ndi zonse.

Full frame yakale imakopa, ndipo ndikumvetsa. Sensa ya mamilimita 36 ndi 24 ndi yaikulu kuposa kawiri ya APS-C, moti madzulo zithunzi zimayera. Nikon D750 ya 2014 idakali kamera yoti munthu n'kudyera. Canon 6D ya 2012 imachita bwino mumdima, koma ili ndi timabokosi 11 ndi khadi limodzi. Musanasangalale, werengani malenzi anu. A EF-S, amene Canon inapangira sensa ya APS-C, samangika pa 6D. A DX, anzake a ku Nikon, amamangika pa D750, koma amagwiritsa ntchito pakati pa sensa pokha, n'kukusiyirani cha m'ma 10 megapixel. Ngati malenzi anu onse ndi a sensa yaing'ono, ndiye mukuyambiranso, ndipo mtengo weniweni si wa bodi wokha.

Mirrorless yakale yogwiritsidwapo, monga a6000, Fujifilm X-T20 kapena Olympus E-M10 Mark II, ndi ya munthu uja kamera imatsala kunyumba. Ndi yaing'ono, imalowa m'chikwama cha tsiku ndi tsiku. Za Micro Four Thirds, za Olympus ndi Panasonic, zili ndi sensa yaing'onoko ya mamilimita 17.3 ndi 13, choncho mumdima zimatsalira pang'ono, koma malenzi ake ndi ang'onoang'ono, amasinthana pakati pa makampani awiriwa, ndipo lenzi ya 150mm imafika pamene ya 300mm imafika pa full frame. E-M10 ndi G85 zilinso ndi sensa yoyandama imene imachepetsa kunjenjemera kwa dzanja. Ingokumbukirani kuti imathandiza dzanja lanu lokha; mwana wothamanga siimuimitsa.

Mirrorless yatsopano yaing'ono, monga Canon R50 ndi R10, Nikon Z50 kapena Z50II, Sony a6100 ndi a6400, ndi ya amene vuto lake ndi fokasi pa ana, ziweto ndi vidiyo. Mumapezanso waranti, chinthu chimene yakale sikupatsani. Koma taonani nambala zolembedwa pa lenzi ya m'bokosi. Ya Canon ndi 18-45mm f/4.5-6.3, ya Nikon ndi 16-50mm f/3.5-6.3. Chakumapeto kwake zonse ndi zamdima kuposa 18-55mm f/3.5-5.6 yakale ija. Amene wathera ndalama zonse pa bodi yatsopano, osatsala ndi ya lenzi, adzabwerera ku timadontho ta madzulo tomwe tija, atangowonjezera fokasi yabwino. Zimenezi zimandipweteka kuziona chifukwa ndi dzenje limene ndinagweramo. Canon R100 ndi yotchipa kuposa zonse, koma sikirini yake sitembenuka ndipo simva chala. Ine ndikanapirira mpaka ndifike pa R50. Ngati muli kale ndi malenzi a Canon kapena Nikon, khalani m'banja lomwelo, mugule bodi yokha ndi adapta.

Thumba likalola pang'ono, A7 III, Z5 ndi Canon RP zogwiritsidwapo ndi khomo lolowera ku full frame ya mirrorless. Ziwiri zoyambazo zili ndi makhadi awiri ndi sensa yoyandama. RP ilibe zonsezi.

A vidiyo, nkhani yanu ndi yaifupi: pitani ku mirrorless ya 2019 kapena yapambuyo pake. DSLR zambiri za Nikon zimasakasaka fokasi pa vidiyo, kupatula D780. D3500 ndi a6000 zilibe 4K ngakhale pobayira maikolofoni wamba. Canon 250D ndi M50 zili ndi 4K, koma mukaiyatsa chithunzi chimapanikizika ndipo Dual Pixel imasiya kugwira. Makamera akale ambiri amaimitsanso vidiyo ikangotsala pang'ono kukwana mphindi 30.

Pogula yogwiritsidwapo kale

Pitani ndi memori khadi yanu, tochi, ndi laputopu ngati n'kotheka. Musalole kufulumizitsidwa.

Yambani ndi shutter, chifukwa ndi imene imatha. Mabodi aang'ono amayezedwa kufika zithunzi cha m'ma 100,000, D7200 ndi D750 150,000. Si malire oti ikafika pamenepo imafa, koma nambala ya zithunzi zimene yajambula kale imakuuzani mmene kamera yagwirira ntchito. Nikon imalemba nambalayi mkati mwa chithunzi chilichonse, ndipo pa intaneti pali masamba oiwerenga. Canon zambiri zimafuna pulogalamu ndi waya wa USB. Kenako ikani f/16, lozani khoma loyera, jambulani, n'kukuza chithunzicho. Timadontho tozungulira ndi fumbi, limapukutika, ndipo pa mirrorless muzilizolowera chifukwa sensa imakhala pamtunda mukamasintha lenzi. Koma mzere wowongoka, wooneka pamalo amodzi pa zithunzi zonse, ukhoza kukhala kukalika, ndipo kumeneko sikupukutika. Tsekani lenzi ndi chivindikiro, jambulani mdima kwa masekondi angapo, muone ngati pali timadontho towala tochuluka. Potozani wilo lililonse, dinani batani lililonse, yesani malo onse a makhadi. Suzumirani m'chipinda cha batire: zoyera kapena zobiriwira pa zitsulo zikutanthauza kuti madzi analowapo. Timasikuluwu tokalikakalika tikukuuzani kuti wina anatsegulapo.

Lenzi imafuna kudekha koposa. Ndinagulapo lenzi ya zakutali yooneka ngati yangotuluka m'bokosi, kunja kosalala, labala wake wosatha, zivindikiro zonse zilipo. Ndinaiyesa pa kamera, fokasi inagwira, ndinalipira. Patapita masiku ndinaona kuti zithunzi zoyang'anizana ndi dzuwa zikutuluka ngati pali utsi. Nditachotsa zivindikiro zonse ziwiri n'kuwalitsa tochi kuchokera kumbuyo, ndinaona timizere toyera tonga ukonde wa kangaude titayala kuchokera m'mphepete mwa galasi lamkati. Chinali chuku. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chuku chimamera mu lenzi yosungidwa pa chinyontho, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi, moti ngakhale wokonza achipukute, chipsera chimatsala. Wokonza amene ndinamupititsira anandiuza mtengo woposa umene ndinagulira lenziyo.

Kuyambira pamenepo lenzi iliyonse ndimaiwalitsa tochi mbali zonse ziwiri, ndikuitembenuza pang'onopang'ono. Tifumbi tochepa mkati sindida nato nkhawa, chifukwa pa chithunzi sitioneka. Ndimayang'ana timasamba ta aperture (tokulitsa ndi kuchepetsa polowera kuwala) ngati tili touma, popanda mafuta, ndiponso ngati tikutseka ndi kutseguka msanga. Ndimapotoza zoom kuchokera koyamba mpaka kumapeto ndikumvetsera ngati mukukhulana mchenga. Pomaliza ndimamata pepala lolembedwa pa khoma, n'kulijambula lenzi itatsegulidwa yonse, kamera ili moyang'anizana nalo bwinobwino, kenako ndimakuza ngodya zinayi pa laputopu. Ngodya zitatu zikamawerengeka koma imodzi ili mbuu, lenziyo inagwapo ndipo galasi lina linasuntha mkati. Imeneyo ndimaibweza m'manja mwa mwini wake, ngakhale atsitse mtengo chotani.